Galimoto ndi Njinga pa Nyengo ya Chiperoni

Mwezi wa Meyi ukamatha, kuno ku Muloza timayamba kutulutsa majuzi ndi mabulangete. Mu Juni ndi Julayi mukudziŵa nokha mmene kumakhalira. Kumacha kopanda dzuŵa. Phiri la Mulanje limabisala. Kamvula koŵaza kamagwa tsiku lonse, mwina masiku atatu osaleka, ndipo nkhungu imatsika mpaka m'minda ya tiyi. Chimenechi ndicho chiperoni.

Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone, lomwe lili ku Mozambique, kumwera kwa Milange. Mphepo yonyoŵa imachokera ku nyanja yaikulu ya mchere, nidzera mbali ya phiri limenelo. Ikagunda phiri lathu la Mulanje imakwera m'mwamba, nizizira, nisanduka nkhungu ndi mvula. N'chifukwa chake mbali yathu ino imalandira mvula yambiri kuposa ku Phalombe. Tiyi amakondwa nacho chiperoni. Koma munthu woyendetsa galimoto ayenera kuchiopa.

Ku maiko ozizira kwambiri, monga ku Ulaya, madzi amaundana pa msewu nakhala ngati galasi. Kumeneko amathira mchere m'misewu, ndipo ena amamanga matcheni ku matayala. Abale athu a ku Johannesburg amadzuka mu Juni napeza galasi la galimoto litayera ndi chisanu. Pa misewu yathu zimenezo kulibe. Ife chotivuta ndi nkhungu, msewu woterera, ndi kugona pa njira usiku wozizira galimoto itafa.

Mwina mukuti, "Ine galimoto ndilibe, phunziro limeneli ndi la chiyani kwa ine?" Taimani kaye. Kodi simukwera minibasi? Kodi mwana wanu sayendetsa njinga ya kabaza? Ena mwa inu ndinu makondakitala, ena mumathandiza pa lole. Galimoto ikagwa sisankha kuti mwini wake ndani. Choncho ŵerengani mpaka kumapeto.

Msewu wathu m'maŵa wa Juni

Kuchokera pa chipata cha Muloza kukafika pa Boma pali makilomita pafupifupi 30. Msewu ndi wa phula. Umadzera pa Limbuli, umaoloka Ruo ndi Lichenya, umapyola m'minda ya tiyi, ndipo ukapitirira Boma umakafika ku Luchenza, Thyolo ndi Limbe. Pa mapu amaulemba kuti M2.

Kukakhala dzuŵa ndi msewu wokoma. Koma taganizani za anthu amene amakhala pa msewu umenewu kusanache bwino. Pali antchito opita ku minda ya tiyi. Pali ana a sukulu. Pali njinga zosenza matumba a chimanga kupita ku msika wa Limbuli, zambiri zopanda nyale. Pali mathirakitala okoka ngolo, oyenda pang'onopang'ono. Magalimoto otuluka m'misewu ya dothi amabweretsa matope ofiira pa phula, ndipo matopewo akanyoŵa amaterera ngati therere. Mu nkhungu zonsezi sizioneka mpaka mutafika pafupi.

Ndiye ntchito yaikulu si ya pa msewu ayi. Ndi ya pakhomo, galimoto isananyamuke.

Yambani ndi matayala

Galimoto yonse, ndi anthu ake ndi katundu wake, imagwira msewu pa malo anayi okha. Malo alionse kukula kwake ndi ngati chikhatho cha dzanja lanu. Njinga yamoto imagwira pa malo aŵiri, ocheperanso. Tayala likakhala losalala, palibe buleki imene ingakupulumutseni.

Taonani mizere yokumbika pa tayala. Si yokongoletsa. Ndi ngalande. Ntchito yake ndi kuchotsa madzi pansi pa tayala, monga ngalande za m'munda zichotsera madzi a mvula. Mizere ikatha, madzi amatsala pakati pa tayala ndi phula, ndipo galimoto imayandama. Inu mukhotetsa chiongolero, iyo ingopita kutsogolo.

M'kati mwa ngalandezo, opanga matayala anaikamo timizere topingasa totukuka pang'ono. Pisani chala, mutimva. Kutalika kwake ndi mamilimita 1.6. Tayala likadyeka mpaka kulingana ndi timizereto, latha ntchito. Pa msewu wonyoŵa ngati wathu ndi bwino kulisintha lisanafike pamenepo. Onaninso m'mbali ngati muli ming'alu kapena chotupa. Tayala lotupa limaphulika tsiku lililonse.

Tsopano apa ndi pamene kuŵerenga kwanu kukupindulireni. M'mbali mwa tayala muli zilembo zambiri. Funani zilembo zitatu izi: DOT. Tsatirani mzere umenewo mpaka kumapeto, mupeza manambala anayi. Akasoŵa mbali ino, yang'anani mbali inayo. Tiyerekeze kuti mwapeza 2319. Manambala aŵiri oyamba ndi sabata. Aŵiri otsiriza ndi chaka. Ndiye kuti tayalalo linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Labala amakalamba ngakhale tayala likungokhala m'nyumba. Opanga matayala ambiri amati tayala lopitirira zaka khumi lisagwirenso ntchito, ngakhale mizere yake ikuoneka yabwino. Ambirife timagula matayala a kaunjika chifukwa atsopano ndi odula. Zimenezo n'zomveka. Koma wogulitsa akati, "Ili ndi latsopano ndithu, bwana," inu ŵerengani manambala anayi aja. Pakamwa pamanama, koma manambalawo anadindidwa ku fakitale.

Za mpweya nazo. Kumenya tayala ndi phazi si kuyeza. Tsegulani chitseko cha dalaivala. Pa chitsulo cha m'mbali, magalimoto ambiri ali ndi kapepala komata. Pamenepo pali manambala onga 2.2, kapena 220, kapena 32. Atatu onseŵa akunena mpweya wofanana, kusiyana kwake ndi kayezedwe chabe. Galimoto iliyonse ili ndi manambala ake, ndipo ikasenza katundu wolemera imafuna mpweya wambiri. Kukazizira mpweya wa m'tayala umatsika. Yezani m'maŵa matayala asanatenthe, kamodzi pa sabata. Musaiŵale la sipeya. Anthu ambiri amazindikira kuti sipeya ndi wophwa atafika kale pa vuto.

Kuona ndi kuonedwa

Itanani mwana kapena mnzanu aime kunja. Inu yatsani nyale imodziimodzi, iye azikuuzani. Zakutsogolo, zakumbuyo, zokhotera, ndi zofiira zija zimayaka mukaponda buleki. Mukakhala nokha, imikani galimoto chambuyo pafupi ndi khoma madzulo. Pondani buleki, muona kufiira pa khomalo.

Galimoto ya diso limodzi ndi yoopsa kwambiri. Wobwera kutsogolo amayesa njinga yamoto, ndipo amakusiyirani malo a njinga yamoto. Babu ndi kanthu kotsika mtengo poyerekeza ndi bokosi la maliro.

Pukutani matope pa nyale ndi pa tizitsulo tonyezimira takumbuyo. Mawaipa akamasiya mizere pa galasi, kapena akamalira, labala wake watha. Thirani madzi m'kabotolo kotsukira galasi. Anthu akadzaza m'galimoto mazenera ali otseka, mpweya wawo umachita nthunzi pa galasi m'kati. Tsegulani zenera pang'ono, lozetsani fani ku galasi, ndipo sungani kansalu koyera pafupi. Kupukuta ndi dzanja kumangopaka mafuta.

Batire, oilo ndi madzi

Batire imafooka kukazizira, pamene injini yozizira imafuna mphamvu zambiri kuti idzuke. N'chifukwa chake batire yokalamba imafa m'maŵa wa Juni. Tsegulani boneti muone mitu yake iŵiri. Ngati pali zoyera ngati ufa, zimitsani injini, tsukani ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda, yemwe uja amayi amathira mu therere. Pukutani, mangani zolimba, pakani girisi pang'ono. Madzi a m'batire ndi asidi. Amaotcha khungu, amaboola zovala, ndipo akaloŵa m'maso amachititsa khungu. Fodya asayandikire.

Pa batire pali zizindikiro ziŵiri zomwe munaphunzira pa samu. Pali + ndi −. Waya wofiira ndi wa +. Wakuda ndi wa −. Batire ikafa ndipo mnzanu wabwera ndi galimoto yake kudzakuthandizani, lumikizani motere. Wofiira pa + ya batire yakufa, mbali inayo pa + ya batire yamoyo. Kenaka wakuda pa − ya batire yamoyo, mbali inayo pa chitsulo cha injini ya galimoto yakufayo, patali ndi batire. Ikalira, chotsani mawaya kuyambira womwe munamalizira. Mukasemphanitsa + ndi − muononga zambiri pa kamphindi.

Kale tinazoloŵera kukankha. Galimoto ya magiya apamanja imadzuka ndithu mukaikankha ili mu giya yachiŵiri. Koma magalimoto ambiri obwera kuchokera ku Japan masiku ano ndi osintha okha magiya. Ameneŵa ngakhale mudzi wonse ukankhe sadzuka. Mwini galimoto yotere asayende popanda mawaya aja.

Ya dizilo nayo ili ndi mwambo wake. Mukapotokola kiyi pamayaka kanyale kooneka ngati waya wopotana. Dikirani kazime, kenaka lizani.

Oilo yezani galimoto ili pamalo osatsetsereka, injini itazima. Solani kachitsulo koyezera, pukutani, bwezerani, solaninso. Oilo akhale pakati pa zizindikiro ziŵiri. Pa timabotolo ta madzi a injini ndi mafuta a mabuleki mupeza mau aŵiri, MIN ndi MAX. MIN ndiye kuti asatsike kupitirira apa. MAX ndiye kuti asakwere kupitirira apa. Mafuta a mabuleki akamatsika msanga, penapake pakudontha. Galimotoyo isanyamuke mpaka amakanika ataiona.

Injini ikatentha pa njira, musatsegule chitsekerero cha redieta. Madziwo ndi oŵira ndipo ndi opanikizika. Amathovokera kumaso. Dikirani mpaka izizire, mutsegule ndi nsalu pang'onopang'ono.

Mafuta nawo musamayende ndi a m'mapeto. Chiperoni chimachedwetsa ulendo, ndipo pa filing'i siteshoni nthaŵi zina mafuta amasoŵa. Mafuta ogula m'zigubu m'mbali mwa msewu amatha kukhala ndi madzi kapena zinyalala. Ndipo chigubu cha petulo pakati pa anthu okwera, chimenecho chokha ayi.

Katundu wosachoka m'galimoto

Pezani katoni kapena thumba limodzi, likhale la m'galimoto basi. Choyamba kuloŵamo ndi mathirayango aŵiri, zikwangwani zofiira zonyezimira za ngodya zitatu zija. Apolisi a pa msewu amazifunsa. Mukaoloka kupita ku Milange, apolisi a ku Mozambique amafunsanso mathirayango aŵiri ndi chovala chonyezimira. Koma musazisunge chifukwa choopa apolisi. Zisungeni chifukwa tsiku lina ndi zimene zidzaime pakati pa inu ndi lole.

Jeke ndi sipanala ya mawilo muziyese pakhomo. Ena amayenda chaka chonse ndi sipanala yosakwana pa manati a galimoto yawo. Onjezani kathabwa kolimba koika pansi pa jeke, chifukwa m'mbali mwa msewu wathu dothi limakhala lofeŵa. Ikanimo tochi, mawaya a batire, chingwe cholimba chokokera, pampu, pulayala, sikuludiraiva, waya pang'ono, mababu ndi mafyuzi. Fyuzi iliyonse ili ndi nambala pamutu, monga 10, 15 kapena 20. Ikapsa, ikani ya nambala yomweyo. Kulumikiza ndi waya kapena pepala la siliva la m'paketi ya fodya ndiko kumayatsa magalimoto. Chozimitsira moto chili ndi kawotchi. Muvi wake uziloza pobiriŵira.

Za anthu musaziiŵale: bulangete, jekete la mvula, madzi akumwa, mtedza wokazinga kapena mabisiketi, nsalu zoyera zochapa bwino, mabandeji ndi magolovesi. Khasu laling'ono limathandiza pa matope. Zonsezi simungagule tsiku limodzi. Gulani chimodzichimodzi mwezi ndi mwezi, kuyambira mathirayango.

Kuyendetsa mu nkhungu

Tiyeni tichite samu pang'ono. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda kilomita imodzi pa mphindi imodzi. Kilomita imodzi ndi mamita 1,000. Mphindi imodzi ili ndi masekondi 60. Gaŵani 1,000 ndi 60. Mupeza pafupifupi 17. Ndiye kuti pa sekondi imodzi galimoto yayenda mamita 17.

Munthu wogalamuka bwino amataya sekondi imodzi, mwinanso kupitirira, kuchokera pamene waona chinthu kufikira pamene phazi lagunda buleki. Mamita 17 atha kale buleki isanagwire n'komwe. Kenaka buleki ifuna malo ake, ndipo pa msewu wonyoŵa ifuna malo ambiri. Tsono ngati nkhungu ikukulolani kuona mamita 30 okha, njinga ya chimanga ija muigunda ndithu, ngakhale mabuleki anu ali atsopano. Mukanayenda makilomita 30 pa ola mukanaima malo n'kutsalako. Dziŵaninso ichi: mukaŵirikiza liŵiro kaŵiri, malo omwe buleki ifuna saŵirikiza kaŵiri ayi, koma kanayi.

Lamulo lake n'losavuta. Yendani liŵiro loti mutha kuima pa malo omwe maso anu akuona. Nambala ya pa chikwangwani chozungulira cha mkombero wofiira ndi malire a tsiku labwino. Si ya tsiku la chiperoni.

Yatsani nyale ngakhale masana, koma zoyang'ana pansi. Nyale zazikulu zimagunda nkhungu n'kubwerera m'maso mwanu, ndipo mumangoona khoma loyera. Zimitsani wailesi, tsegulani zenera pang'ono. Makutu amamva thirakitala maso asanaione. Musapitirire mnzanu pamene simukuona kutsogolo. Musakakamire kumbuyo kwa galimoto ina potsata nyale zake zofiira. Iye akadutsa mtengo, yambani kuŵerenga pang'onopang'ono. Pa msewu wouma mufike pa mtengowo mutaŵerenga mpaka 3. Pa wonyoŵa, mpaka 6.

Pa zitsetserero, monga za ku Thyolo, tsikani ndi giya yaing'ono. Injini ikugwirireni galimoto. Kuponda buleki njira yonse kumaitenthetsa mpaka imaleka kugwira. Galimoto ikayamba kuterera, chotsani phazi pa moto, yang'anani komwe mufuna kupita, ongolani mofatsa. Magalimoto ambiri atsopano ali ndi kanyale kolembedwa ABS. Pa galimoto yotere, mukafuna kuima mwadzidzidzi pondani buleki mwamphamvu osachotsa phazi. Imanjenjemera pansi pa phazi, koma ndi mmene imagwirira ntchito.

Nkhungu ikachita kunyanya, patukani. Tulukani pa phula kotheratu, dikirani. Inu okwera, musamamufulumize dalaivala. Ndipo akamathamanga mu nkhungu, lankhulani mwaulemu koma momveka: "Adalaivala, tabwezani moto, tili ndi ana m'galimoto muno." Mmodzi akayamba, ena amavomereza. Ambiri amakhala akuopa chamumtima.

Ikafera pa msewu

Galimoto yoima pa phula mu nkhungu ndi msampha. Ikankhireni kumanzere, kunja kwa msewu ngati n'kotheka. Kokani handibuleki, yatsani nyale zophethira zonse zinayi. Anthu atsike ku chitseko cha kumanzere. Akaime patali ndi msewu, osati kutsogolo kapena kumbuyo kwa galimoto. Kuzizire bwanji, asatsale m'kati ngati galimoto ili pa phula.

Valani chonyezimira chija. Tengani thirayango, yendani masitepe akuluakulu 50 kumbuyo, iikeni. Inayo kutsogolo chimodzimodzi. Ngati mwafera pokhota kapena kuseri kwa chitunda, pitirirani mpaka pomwe wobwera angaione asanakhote. Thirayango yoika pafupi ndi bampala ilibe ntchito. Woiona waona kale galimoto, ndipo wachedwa.

Kuno tinazoloŵera kuthyola nthambi n'kuziyala pa msewu. Kusiyana ndi kungokhala, n'kwabwinoko. Koma nthambi yobiriŵira sinyezimira, usiku ndi mu nkhungu sioneka. Ndipo chimene chimandinyansa ine ndi ichi: galimoto ikadzuka, anthu amakwera n'kumapita, nthambi ndi miyala n'kuzisiya pa phula. Mwala umene munatchingira tayala masana ndi umene ugwetse mnyamata wa kabaza usiku. Chotsani zonse musananyamuke.

Posintha tayala, funani malo olimba osatsetsereka. Ikani galimoto mu giya, tchingani matayala enawo ndi miyala. Masulani manati pang'ono galimoto idakali pansi, kenaka kwezani jeke. Sipeya mugoneke pansi pa galimoto pamene mukuchotsa lobookalo, kuti jeke ikaterera galimoto igwere pamenepo. Pomanga, musatsate manati mozungulira. Mangani ili, kenaka loyang'anana nalo, mpaka onse. Tsitsani galimoto, limbitsaninso. Mukayenda pang'ono imani muwaonenso. Munthu asaloŵe pansi pa galimoto yomwe yangokhala pa jeke, ngakhale kwa kamphindi.

Mbaula m'galimoto

Pa chipata cha Muloza malole amagona podikira mapepala. Ena amagona pa njira podikira amakanika. Usiku wa Julayi ndi wautali, ndipo munthu amaganiza zoloŵetsa mbaula m'galimoto n'kutseka mazenera. Abale anga, imeneyo ndi imfa.

Makala akamayaka pamalo otseka amatulutsa mpweya wapoizoni. Mpweya umenewu suoneka ndipo sununkha. Ukaloŵa m'mapapo umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru. Kenaka amafooka, tulo n'kumugwira, osadzukanso. Makala ofiira osafuka utsi nawonso amapha. Utsi wa injini uli ndi poizoni yemweyo. Choncho kugona injini ikulira, mazenera ali otseka, n'koopsanso, makamaka ngati paipi ya utsi ndi yobooka. Otherani moto panja, mukagone ndi bulangete. Mukapeza munthu atakomoka motere, mutulutseni panja msanga, thamangirani naye ku chipatala. Zimenezi n'chimodzimodzi ndi mbaula m'nyumba yotseka.

Ena amati kachasu amachotsa kuzizira. Amanama. Moŵa umathamangitsira magazi ku khungu, munthu n'kumamva kufunda pamene thupi likutaya kutentha. Ndipo sekondi imodzi ija ya pa samu yathu imatalika.

Inu a njinga

Wa njinga yamoto alibe khoma lomuteteza. Chipeŵa cholimba chivalidwe ndi onse aŵiri, woyendetsa ndi wokwera, ndipo lamba wake amangidwe pansi pa chibwano. Chosamanga chimauluka mutu usanafike pansi. Nyale iziyaka usana ndi usiku. Valani chonyezimira pamwamba pa jekete, ndi magolovesi, chifukwa zala zozizira zimachedwa kugwira buleki. Gwirani mabuleki onse aŵiri mofatsa, ndipo bwezani moto musanafike pokhota, osati muli pokhota. Penti woyera wa pa msewu ndi zitsulo za pa milatho zimaterera zikanyoŵa. Tcheni chimafuna oilo kaŵirikaŵiri nyengo ino. Amayi okwera, pindani chitenje bwino chisaloŵe mu sipoko.

Njinga yakapalasa mabuleki ake sagwira msanga mawilo akanyoŵa, makamaka itasenza matumba. Potsetsereka tsikani muikankhe. Ikani chonyezimira chofiira kumbuyo. Mukachisoŵa, mangani nsalu yoyera pa katundu. Oyenda pansi, yendani kumanja kwa msewu kuti muziyang'anana ndi magalimoto obwera. Ana a sukulu auzeni zimenezi lero lomwe.

Madzi odutsa pa msewu

Izi ndi za dzinja, koma tizinene. Sitinaiŵale Malichi wa 2023, pamene namondwe Freddy anagumula milatho ndi misewu kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu ambiri n'kutisiya. Akuluakulu akukumbukanso napolo wa ku Phalombe mu 1991. Mitsinje yochokera m'phiri imadzaza pa kanthaŵi kochepa. Madzi othamanga osafika n'komwe m'maondo amatha kunyamula galimoto yaing'ono, ndipo simungadziŵe ngati pansi pake msewu ulipobe. Mukapeza madzi akudutsa pamwamba pa mlatho, bwererani kapena dikirani.

Mukapeza ngozi

Choyamba tchingani msewu ndi mathirayango, kuti ngozi imodzi isabale ina. Zimitsani injini. Pasakhale wosuta. Tumani munthu mmodzi, momuloza ndi chala, kuti aimbe foni ku polisi ndi ku chipatala. Mukangoti "wina aimbe," aliyense amayesa mnzake waimba.

Amene akutuluka magazi, panikizani pa bala ndi nsalu yoyera mwamphamvu, osachotsachotsa kuti muone. Nsalu ikanyoŵa onjezani ina pamwamba. Musathire dothi, mafuta a mabuleki kapena mankhwala a zitsamba pa bala. Amene akudandaula khosi kapena msana musamukoke, pokhapokha ngati pali moto. Pomunyamula gwiranani anthu angapo, mmodzi agwire mutu kuti ukhale molunjika ndi thupi, mumugoneke pa thabwa kapena chitseko. Wa njinga yamoto musamuvule chipeŵa ngati akupuma bwino. Wokomoka koma akupuma, mutembenuzireni cham'mbali mosamala, mutu ndi thupi pamodzi, kuti masanzi asamutsamwitse. Musamumwetse madzi. Mufunditseni bulangete lija, chifukwa munthu wotaya magazi amazizidwa msanga.

Pafupi pathu pali chipatala chaching'ono cha Muloza. Zikakula, pali chipatala cha Boma ndi cha Mulanje Mission, ndipo ovulala kwambiri amatumizidwa ku Gulupu ku Blantyre. Ulendo wake ndi wautali. Zimene muchite pa mphindi zoyamba zija ndi zimene zingamufikitse kumeneko ali moyo.

Kabuku ka m'galimoto

Gulani kope laling'ono ndi pensulo, zikhale m'galimoto kapena pansi pa mpando wa njinga. Pa tsamba loyamba lembani manambala a foni: a polisi ya pafupi, a chipatala, a amakanika anu, a m'bale wanu mmodzi. Foni imatha moto kapena kusweka pa ngozi, ndipo manambala a m'kati mwake amapita nayo. Olembedwa pa pepala mutha kuimba pa foni ya munthu wina. Pa masamba enawo muzilemba tsiku lomwe mwasintha oilo, tsiku lomwe mwagula batire, ndi manambala anayi a tayala lililonse. Ŵerenganinso mapepala omata pa galasi lakutsogolo, a inshuwalansi ndi a COF, mulembe tsiku lomwe akutha.

Sabata ino chitani ichi. Pitani pomwe pamaima maminibasi pa Muloza kapena pa Limbuli. Pemphani mwaulemu kwa adalaivala kuti muone tayala limodzi. Funani DOT, lembani manambala anayi aja m'kope mwanu. Pansi pake lembani sabata ndi chaka, ndipo muŵerengere kuti tayalalo lili ndi zaka zingati. Mubwere nalo kopelo tsiku la sukulu, tidzaone kuti tayala lokalamba kuposa onse wapeza ndani.